Msana wa Zahra

Aliyense amene anagulapo mpunga mumsika wa pa boma ku Nkhotakota amamudziwa Madina, ndipo ngati sanamuone ndiye kuti anamumva. Mayi ameneyu pakamwa pake sipauma. Akamakuyezerani mpunga wa faya amakhala akukuuzani za mwamuna wake Kalilu, amene amadzitcha msodzi koma dzuwa limamulowera ali pa bawo, za mkamwini wa aneba amene sapereka moni, za mvula ya chaka chatha. Koma panali nkhani imodzi imene sankaiyamba n'komwe ngakhale mumukumbe chotani. Madina anali mmodzi wa amayi osambitsa maliro a akazi m'dera lawo, ndipo osambitsa maliro sanena zimene aona.

Mwambo umenewu anamuphunzitsa ndi Abiti Sulemani, mayi wachikulire amene anamulowetsa ntchitoyi. Munthu akafa sangathenso kudzifunditsa yekha, ndiye omusambitsa ndi amene amamusungira ulemu. Mtembo umasambitsidwa uli wofunditsidwa nsalu, manja ndiwo amalowa pansi, maso amayang'ana kumbali mmene angathere. Ukaona chotupa, chipsera, kapena mimba imene abale sankaidziwa, umazikulunga pamodzi ndi sanda, nsalu yokulungira maliro, zikalowe m'manda ndi mwiniwake. Madina anasunga zimenezi zaka zambiri ndipo ankazinyadira. Amayi amene ankamuseka kuti ndi wailesi ya mumsika ndi omwewo amene ankati, ine ndikadzafa adzandisambitse Madina.

Zinthu zinasokonekera pa maliro a Zahra.

Zahra anali mwana woyamba wa Habiba, mnzake wa Madina kuyambira ali ana ku madrasa, nyumba zawo zoyang'anizana. Mtsikanayu anapita ku Arabiya kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo amene anamutenga anali Mayi Sharifa. Sharifa sanali mlendo. Anabadwira konkuno, amapemphera mzikiti womwewo, pa zikwati ndi pa maliro ndiye amabwereketsa mapoto akuluakulu. Sankalola kuti azimutcha ejenti, ankati iye amangothandiza ana a anzake kupeza poyambira. Pasipoti ankakonza ndi iye, tikiti iye, mwana ankangonyamula chikwama n'kutsanzika.

Poyamba foni ya Habiba inkalira Lachisanu lililonse. Kenako inayamba kudumphitsa, kenako zii. Patapita chaka ndi miyezi, Zahra anangotsika minibasi ya ku Salima tsiku lina masana, atawonda, chikwama chimene anapita nacho palibe. Sankalankhula zambiri. Ankavala zofika m'manja ndi m'mapazi ngakhale ali m'nyumba, dzuwa la Okutobala lili phwee, ndipo amayi ankamutama kuti kunja kwamuphunzitsa kuvala. Mayi ake akafuna kumuthowa msana ndi madzi otentha ankakana. Za kuchipatala ankakananso, ankangomwa mapanado a m'grosale. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo mawu amene anayenda m'makomo anali akuti nyengo ya kunja sinamuyanje.

Habiba sanalowe m'chipinda chosambitsira. Analowa Madina ndi Abiti Sulemani. Pomutembenuza kuti atsuke mbali ya kumanja, nsalu inaterereka, Madina n'kuona msana. Pansi pa phewa panali chipsera cha simbi yositira, nsonga yake ndi timabowo take tomwe. China chonga chomwecho chinali m'chiuno. Panali mizere yodutsana, ina yakale ina yosapola bwino, ndipo m'mikono, pamene manja a diresi ankabisa, khungu linali litadyeka mozungulira ngati khosi la mbuzi yokhalitsa pa chingwe. Madzi anamutayikira m'kapu.

"Bweza nsalu," anatero Abiti Sulemani osakweza mawu. "Sitinaone kanthu. Thira madzi."

Madina anabweza nsalu n'kuthira madzi.

Akanatha kukhala nazo mumtima mpaka tsiku lake lomwalira, monga anakhalira ndi zina zambiri. Koma itadutsa sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire munthu, imene Sharifa anabwerako ndi thumba lathunthu la mpunga, Habiba anafika pa benchi ya Madina mumsika nkhope ili yowala koyamba chimwalirire mwana wake.

"Achemwali, mwamva? Sharifa akuti amutenga Ummy."

Ummy anali mng'ono wake wa Zahra, atalemba mayeso a Fomu 4 chaka chomwecho.

"Amutengere kuti?" anafunsa Madina, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Komwe kuja. Akuti imfa ya Zahra yamukhudza kwambiri, ndiye kupepesa kwake n'kumeneku. Malo a mkulu alowe mng'ono. Ife sitichotsa kalikonse. Anyamuka mwezi uno ukatha."

"Ndiye mwavomera?"

"Tikanirenji? Mwana akhale pakhomo kudikira msodzi woti amukwatire?"

"Make Zahra, mwana uja mmene anabwerera simunamuone?"

"Matenda ali paliponse, achemwali. Konkuno anthu sakufa?"

Madina anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Kwa munthu ngati iye zimenezi zinali zachilendo moti Habiba anamufunsa ngati dzino likumupweteka.

Mawa lake anapita kwa Abiti Sulemani. Anawapeza pakhonde akusankha timiyala mumpunga, lichero lili pamiyendo.

"Amayi, mwana wachiwiri akupita komwe kuja."

"Ndamva."

"Ndiye tingokhala chete?"

Abiti Sulemani anataya kamwala pansi. "Msana uja ndi wako? Mwiniwake anaubisa ali moyo. Anabisira mayi ake omubereka. Iwe ndiwe ndani kuti uuvundukule iye atagona? Ukangoulula kamodzi, mkazi aliyense wa kuno azidzati akadwala, m'malo moganizira Mulungu wake aziganizira pakamwa pa Madina. Ntchito imeneyi ndi chikhulupiriro basi, palibenso china. Kamuletse Ummy ndi mawu ena."

Madina anabwerera kwawo mtima uli wolemera, chifukwa mayi aja sananame. Zahra anabisadi. Koma funso limene linkamuluma linali lakuti anabisiranji. Mwana sanabe, sanachite chigololo, anangopita kukatsuka mbale za anthu. Manyazi amene anawanyamula mpaka kumanda sanali ake, anachita kumusenzetsa. Ndiye nsalu imene iwo anabweza tsiku lija inafunditsa ndani kwenikweni, Zahra kapena amene anagwira simbi? Madina sanali munthu wozolowera kuganiza ali chete, ndipo masiku amenewo anapsereza ndiwo kangapo.

Mawu ena anawayesa. Anauza Habiba kuti walota maloto oipa, Habiba n'kumuuza kuti azichepetsa tiyi. Anati mwana adikire kaye zotsatira za mayeso, anati kunja kuli nkhondo, anati pawailesi akunena zoopsa za atsikana opita kumeneko. Pomaliza Habiba anatopa naye.

"Achemwali, ngati mukufuna malowa apite mwana wanu Farida, ingonenani. Tisamazungulire."

Mawu amenewo anamupweteka Madina kuposa mmene anaonetsera. Anatola dengu lake n'kuwoloka msewu.

Mwa makasitomala ake munali Thokozire, mayi wa ku Dwangwa amene ankagwira ntchito ku bungwe lina lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Ankagula mpunga pang'onopang'ono ngati mankhwala, koma nkhani ankakhala nazo zambiri, choncho ankagwirizana. Sabata imeneyo anabwera akuitana aliyense mumsika. Kuholo kukubwera aphungu ndi anthu a zamalamulo ochokera ku Lilongwe, akufuna kumva maganizo a anthu pa zokhwimitsa lamulo.

"Lamulo lilipo, amayi, koma anthuwa akulidutsa m'mbali," anatero Thokozire. "Mukukumbukira Sharifa atamutenga apolisi chaka chija? Anagonako? Makolo a mwana anapita okha kukanena kuti ndi nkhani ya pachibale, akambirana kunyumba. Mboni palibe, mlandu unathera pomwepo. Ife tikufuna kuti aliyense wotumiza anthu kunja azidziwika ku boma, ndipo aziyankha za munthu aliyense amene wamutumiza. Mboni izitetezedwa. Mlandu usamafe chifukwa choti wina wapita usiku ndi thumba la mpunga kukapepesa."

"Ine za malamulo ndizidziwira kuti?" anatero Madina. "Sukulu ndinalekeza ndisanayambe kulemba ndi bolopeni."

"Ingobwerani mudzakhale. Kudzakhala fanta."

Anapita, ndipo anadziuza kuti akupitira fantayo.

Holo inadzaza. Mlendo woyamba kulankhula anayambira pa mtengo wa mkuyu wakale uja wa m'tauni muno ndi mbiri ya ukapolo, monga amachitira aliyense wochokera ku Lilongwe akafika kuno, ngati kuti eni mudzi mtengowo sanauonepo. Ena analankhula za ana otengedwa kukagwira ntchito m'minda ya fodya, ena za anyamata opita ku Joni m'mathiraki. Zonse zinkanenedwa ngati zochitika kutali, kwa anthu opanda mayina. Madina anayamba kusinza.

Anadzidzimuka atamva mawu a Sharifa. Anali ataimirira kutsogolo, mpango wake wonyezimira, akulankhula mofatsa ngati mlangizi wa chinkhoswe.

"Akuluakulu, ife tikuopa chinthu chimodzi. Mukakhwimitsa kwambiri, mutsekera ana a amphawi khomo lokhalo limene ali nalo. Ntchito kuno kulibe, inu mukudziwa. Zoipa timazimva pawailesi, inde, koma kuno kwathu timathandizana pachibale. Ine ndatumiza ana ambiri, nyumba za malata mukuzionazi zina ndi za iwowo. Ngati muno muli kholo limene mwana wake anazunzidwa, liimirire, tilimve."

Palibe anaimirira. Anthu anayang'anana, kenako ena anayamba kuomba m'manja. Mmodzi wa alendo aja anagwedeza mutu n'kulemba. Habiba mu holomo munalibe, anali kunyumba kuchapa zovala za ulendo wa Ummy.

Madina anangozindikira ali chiimire, botolo la fanta lili m'manja.

"Ine ndine Madina, ndimagulitsa mpunga. Ndimasambitsanso maliro."

M'manja munaleka kuombedwa. Amayi a dera lake, amene anakhala mzere umodzi ndi iye, anaweramitsa mitu. Thokozire anathamangira kwa iye n'kumunong'oneza kuti asatchule dzina la munthu.

"Dzina sinditchula," anatero Madina mokweza. "Ndinasambitsa mtsikana wina wobwera kunja. Pamsana pake panali simbi yositira, pawiri. Panali mikwingwirima ya chikwapu kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno. M'manja anamumangapo chingwe mpaka khungu kudyeka. Ameneyo ndi amene mukuti nyengo sinamuyanje. Mwati wozunzidwa aimirire. Sangaimirire, tinamuika. Mayi ake sangaimirire, sakudziwa. Ine mwambo wathu sundilola kunena zimenezi, ndipo ndikudziwa chimene ndataya lero."

Anatembenukira kwa alendo aja.

"Za malamulo sindizidziwa. Koma ngati mukulemba, lembani kuti wotenga mwana wa munthu azimubweza poyera, aonedwe ndi adokotala, afunsidwe ali yekha, womutengayo kulibe. Akapezeka ndi zotere, womutenga ayankhe, kaya ndi mbale kaya ndi mnzathu wa kumzikiti, ndipo makolo asamakhale ndi mphamvu yothetsa mlanduwo. Ana amenewa azionedwa ali moyo. Asamadikire kudzaonedwa ndi ine."

Anakhala pansi. Palibe anaomba m'manja.

Kusatchula dzina kumathandiza ku Lilongwe, kumene anthu sadziwana. Ku Nkhotakota mtsikana amene anabwera kunja n'kumwalira, n'kusambitsidwa ndi Madina, anali mmodzi yekha. Alendo aja anathokoza, anati mawu a mayi aja awagwira mtima ndipo akawafikitsa, kenako anadya n'kukwera magalimoto awo. Lamulo limayenda ulendo wake, silithamangira kutha kwa mwezi. Koma nkhani inafika kwa Habiba zovala zija zisanaume, ndipo anaimva pa mjigo, kwa anthu atatu olankhula nthawi imodzi.

Chitseko cha Habiba chinatsekedwa. Madina anagogoda tsiku limenelo, anagogodanso mawa lake, osayankhidwa. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti zimene analephera kuuza mnzake m'maso ali awiri anazinena pamaso pa holo yonse, ndipo sankadziwa ngati kumeneko kunali kulimba mtima kapena mantha.

Sharifa sanamangidwe. Ankayenda m'makomo akudandaula kuti Madina wapenga ndi nsanje, ndipo ankafunsa kuti ngati n'zoona, bwanji Abiti Sulemani amene analinso m'chipindamo sakunena kanthu. Abiti Sulemani sananenedi kanthu, kuvomera kapena kukana. Atakumana ndi Madina panjira ya kumzikiti anayankha salamu yokha n'kupitirira.

Sabata yomweyo kunagwa maliro a mayi wina wa ku Linga amene ankakonda kunena kuti adzamusambitse Madina. Palibe anabwera kudzamuitana. Anamva kwa mnyamata wa kabaza jeneza litanyamuka kale kupita ndi maliro kumanda. Analowa m'nyumba n'kulira, ndipo Kalilu tsiku limenelo ku bawo sanapite, anangokhala pakhonde. Ntchito ija inali itapita, ubwenzi wa zaka zonse zija unali utapita, ndipo Ummy ulendo wake unali pomwepo. Madina ankaona zovala zake pachingwe tsidya la msewu.

Kutatsala tsiku kuti anyamuke, m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, Madina ankapeta mpunga kuseri kwa nyumba pamene anamva odi wa mawu otsika. Anali Ummy.

"Lowa, mwanangu."

Ummy sanakhale pansi. "Anti, a Sharifa akuti mwanama. Amayi sakudya, sakulankhula, ndikawafunsa ngati ndipite akungondiyang'ana. Anthu ena akuti simbi, ena akuti mpeni, aliyense akuwonjezera zake. Minibasi ndi mawa."

"Sindiname, Ummy."

"Aliyense akutero."

Mtsikanayo analowa m'nyumba, Madina n'kumutsatira. Ali m'kati Ummy anavula mpango, anamasula diresi n'kulitsitsa mpaka m'chiuno, kenako anagwada pamkeka atamufulatira.

"Mawu ndamva ambiri. Ndikhudzeni pamene panali. Ine ndi achemwali anga thupi ndi limodzimodzi, madiresi tinkabwerekana."

Madina anazengereza. Misana yambiri inadutsa m'manja mwake, koma yonse inali yozizira. Uwu unali wofunda, ukukwera ndi kutsika ndi mpweya. Anapukuta gaga m'manja pachitenje chake n'kugwada kumbuyo kwa mwanayo. Anaika chikhatho chonse pansi pa phewa la kumanja.

"Apa simbi. Nsonga inaloza kukhosi."

Ummy anadzidzimuka ngati dzanjalo likuotcha, koma sanasunthe.

"Apa inanso." Chikhatho chinatsikira m'chiuno. Kenako ndi chala anayamba kujambula mizere, kuchokera paphewa kutsika chopingasa, wina kudutsa pa unzake. "Iyi inali itapola. Iyi ayi."

Kuwala kwa pakhomo kunachepa. Madina atatembenuka anaona Habiba ataima pamenepo, chitenje chomangidwa mwachisawawa, maso otupa. Anali atamutsatira mwana wake. Madina anachotsa dzanja msanga n'kuyamba kukweza diresi la Ummy.

"Musamufunditse," anatero Habiba.

Analowa, n'kukhala pamkeka pafupi ndi mwana wake. Anayang'ana msana wosalalawo.

"Ndinkatenthetsa madzi tsiku ndi tsiku kuti ndimuthowe, iye n'kumati mayi ndasamba kale. Ine n'kumati mwana wanga wabwera ndi ulemu wa kunja." Anatembenukira kwa Madina. "Mwandilakwira, achemwali. Munayenera kundiuza ine, m'nyumba mwanga."

"Ndinalakwa pamenepo, Make Zahra."

"Yambiraninso poyamba. Pang'onopang'ono, ndione."

Madina anayambiranso. Phewa, chiuno, mizere ija umodzi umodzi. Habiba ankatsatira chala ndi maso, osaphethira, misozi ikugwera pamkeka iye osaipukuta. Ummy anali ataluma mlomo. Pomaliza Madina anatenga mkono wa mtsikanayo n'kuzunguliza zala pamwamba pa chikhatho.

"Apa chingwe. Manja onse awiri."

Habiba anachotsa dzanja la Madina n'kuikapo lake, pamalo omwewo.

"Uyu sapita," anatero. "Ndipo mayi wa ku Dwangwa uja mukamuuze kuti ndikumufuna. Akandiperekeze kupolisi, ndikanene ndekha, dzina la mwana wanga ndikalitchule ndekha."

"Amayi, mukundipweteka," anatero Ummy motsitsa mawu.

Habiba anafewetsa zala, koma mkonowo sanausiye.